Seva ya Makomo Awiri ndi Nyumba ya Sekuru Zuze

Ulendo wanga unali wa ku Joni, koma ku Joniko sindinakuone n'komwe. Munthu amene anatitenga pa Dedza, atalonjeza kuti atiwolotsa malire onse ngati ana ake, anatitsitsa ku Mbare mu Harare kuti akagule tayala, ndipo mpaka lero akugulabe. Anzanga ena analira, ena anabwerera. Ine ndinali nditasiya mwana wa zaka zitatu m'manja mwa amayi, nditatsanzika mudzi wonse, ndipo manyazi obwerera chimanjamanja anandikulira kuposa mantha. M'kabuku kanga munali nambala ya azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, amene anakwatiwa ku mapulazi a ku Zimbabwe ine ndisanabadwe. Ndinawaimbira pa foni yobwereka.

"Kwera kombi ya ku Norton," anatero azakhali. "Ukafika ukwere ina ya ku Chegutu, uwauze akusiye pa Selous. M'njira usayankhule zambiri, Chichewa chakocho chikugulitsa."

Komboni imene ndinafikira inali mizere inayi ya nyumba za njerwa, malata ake opanikizidwa ndi miyala. Anthu ambiri ankayankhula Chichewa, koma cha makedzana, chothiridwa Chishona mosaumira. Ambiri anabadwira pomwepo, makolo awo anachokera ku Ntcheu, ku Dowa kapena ku Tete, ndipo ku Malawi ankangokumva. Kunja kwa geti onse ankatchedwa mabhurandaya, ngati kuti mtundu wonse unabadwira pa Blantyre. Ine ndinali watsopano pa gululo, ndipo amayi a pampopi ankandiyankhulitsa dala kuti aseke mmene ndimatchulira mawu.

Tsiku loyamba lomwelo azakhali anandipatsa lamulo limodzi lokha.

"Pano nyumba ndi ya basa, ya ntchito, mwanangu. Basa likatha, denga lathanso. Ndiye pakamwa pakopo, ndapamva kale, uzipasunga."

Pa pulazipo ankalima nsawawa zanthete, zodya ndi makoko omwe, zopita pa ndege kwa azungu. Ife amayi tinkaima m'shedi kuyambira m'mawa, kusankha zowongoka n'kumataya zopindika, ngati kuti nsawawa yopindika ili ndi mlandu. Zikalowa m'makatoni tinkazikankhira m'chipinda chachikulu chozizira chimene tonse tinkangoti firiji. Ntchito ya m'firiji anthu ankaithawa, choncho inagwera mlendo. Zala zanga zinkachita dzanzi moti ndikatuluka ndinkalephera kumanga chitenje, mpaka mayi wina andimangire uku akunditukwana mwachikondi. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza kwa amayi, ndipo pa foni ndinkawauza kuti zikuyenda.

Pansi pa mphasa yanga, m'jumbo, munali setifiketi ya za makompyuta ndi manetiweki imene ndinatenga ku Lilongwe. Ndinagwirako zaka ziwiri pa shopu ya intaneti, kulumikiza mawaya ndi kupirira makasitomala, mpaka mafoni anaipha shopuyo. Nditamuuza foromani za setifiketiyo anaseka mpaka kutsokomola. Chimene anandipatsa ndi chikolopa, akuti Loweruka lililonse ndizikakolopa ku ofesi popeza ndimakonda makompyuta. Ndinachilandira ndi manja awiri, mumtima ndikumutukwana mpaka kwa agogo ake.

Kuseri kwa ofesi kunali kachipinda kopanda zenera. M'menemo munkakhala seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za pa pulazi, ndi batire lake loti isazime magetsi akapita. Ndikamakolopa ndinkaisuzumira kumbuyo, monga telala amayang'anira msoko wa malaya osoka mnzake. Inali ndi makomo awiri a netiweki. Waya wabuluu unkadutsa pansi pa nthaka mpaka ku shedi, kumene pakhoma panali karauta kolumikiza zipangizo za pa pulazi. Waya wachikasu unkalowa mu modemu ya intaneti pa ofesi pomwepo. Ndinangoti mumtima mapanga awiri avumbwitsa, n'kupitiriza kukolopa, chifukwa palibe anandifunsa.

Magetsi kumeneko ankapita pafupifupi tsiku lililonse. Akapita, munthu wofunika pa pulazi ponse anali Sekuru Zuze, ndiko kuti agogo Zuze, woyang'anira jenereta. Anali mkulu wowonda wa ku Tete, amene anawoloka malire pothawa nkhondo akadali ndi mphamvu, ndipo analibe pepala la dziko lililonse. Ku Mozambique kunalibe womudziwa, ku Zimbabwe ankamuti mlendo. Akazi awo anamwalira kale, ana anabalalika, ndipo chimene anatsala nacho ndi nyumba yakumapeto kwa mzere wachitatu, imene anaizinga ndi mpanda wa chinangwa.

Jenereta ikalira, a Zuze ankaima pa bolodi la maswichi n'kumakweza imodziimodzi, mwadongosolo ngati mapemphero. Yoyamba inali ya nyumba ya bwana. Yachiwiri ya ofesi. Kenako ankadikira pang'ono kuti jenereta ikoke mpweya, n'kukweza ya shedi ndi firiji. Pampu ya madzi a pa komboni inali yomalizira nthawi zonse.

"Sekuru, m'nyumba ya bwana mulibe munthu masana ano," ndinawauza tsiku lina. "Bwanji osayamba ndi ife?"

"Mwanangu, murungu woyamba, mzungu wa pulazi lino, adandiphunzitsa na mbama," anayankha. "Tsiku limodzi ndidayamba na shedi, khutu ili mpaka lero silimva bwino. Iye adapita, kudabwera wina, adapitanso. Dzanja langali ndiye silidaiwale."

Ndinawauza pamaso kuti umenewo ndi ukapolo. Iwo anaseka, n'kundinyemera mbatata yootcha imene ankaisunga pa injini kuti isazizire.

Nyengo yanga yachitatu, eni pulazi, amene ankakhala ku Harare, anabweretsa manijala watsopano. Anali wophunzira, woyenda mofulumira, ndipo chipewa chake sankachivula ngakhale m'tchalitchi cha pa komboni, moti amayi a m'shedi anangomutcha Chipewa. Sabata yoyamba yomwe anaima pa jenereta n'kuona dongosolo la a Zuze, ndipo anakwiya. Analamula kuti kuyambira tsiku limenelo firiji ndi shedi zizikhala zoyamba, ofesi pambuyo. Kunena zoona lamulolo linali lanzeru, ndipo ine ndinaliombera m'manja pagulu. Ndinawanyodola a Zuze kuti ufulu wafika pa bolodi lawo. Walira mvula walira matope.

Azungu ogula nsawawa ankafuna umboni woti katundu wawo sanafundepo. M'firiji munali timakina tiwiri toyeza kuzizira, ndipo seva inkatifunsa pa mphindi zisanu zilizonse n'kulemba yankho. Pepala la mayankhowo linkatsagana ndi lole iliyonse. Lamulo latsopano litangoyamba, pepalalo linayamba kutuluka ndi mipata, maola awiri kapena atatu opanda kanthu, nthawi zonse magetsi akangopita. Lole yoyamba inabwezedwa pa bwalo la ndege, nsawawa zake zinadyedwa ndi ng'ombe. Yachiwiri chimodzimodzi.

Chipewa anaitana katswiri wa ku Harare, bambo wodekha wa kagalimoto koyera. Iye ankafika mawa lake, zinthu zitabwerera kale mwakale. Ankatsegula kompyuta yake, kuona kuti intaneti ilipo, timakina tikuyankha, n'kunena kuti netiweki ilibe vuto. Pamenepo Chipewa anawerengera yekha. Timakinato timadya magetsi a firiji yomweyo, ndiye tikakhala chete ndiye kuti firiji yazima. Firiji ikazima jenereta ikulira, ndiye kuti wina akuizimitsa kuti dizilo atsale, akagulitse. Lachisanu a Zuze analandira kalata yoti mwezi ukamatha asiye ntchito, atulukenso m'nyumba.

Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza, ndipo sindinadziwire m'buku. Maola amene pepala linkati firiji yazima, ine ndinali m'firijimo, mano akugundana. Amayi awiri anayesa kumuuza foromani zimenezi, iye anati mabhurandaya amabisana. Zinathera pomwepo, chifukwa aliyense anali ndi denga lake loti aliganizire.

Ndinapita kwa a Zuze madzulo a tsiku limenelo dzuwa lisanalowe. Ndinawapeza akuzula chinangwa cha mumpanda, chosakhwima n'komwe.

"Mukuzuliranji, Sekuru?"

"Ndisiyire yani?" anatero. "Ndikagona pa siteji ku Norton, ndizikatafuna chimenechi."

"Munagulitsa dizilo?"

Ndinachita manyazi ndi funso langa. Anangoti, "Zaka zonsezi, na dontho lomwe."

Loweruka ndinapita kukakolopa mtima ukuwira. Munthu amene anakhazikitsa seva ija anali atapita kunja kalekale, ndipo mawu achinsinsi olowera anawasiya pa kapepala pansi pa kiyibodi, monga amachitira anthu onse odziyesa ochenjera. Ndinali nditakaona kapepalako kambirimbiri pofumbula, osakakhudza. Tsiku limenelo ndinatseka chitseko, kutsamiritsa chikolopa pakhoma, n'kukhala pa mpando.

Nkhani yake ndi yosavuta kuimva. Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi adiresi ya manambala, koma manambalawo amasinthasintha, choncho seva imaitana zinthu ndi mayina. Timakina tija tinali firiji1 ndi firiji2. Kuti ipeze nambala ya dzina, seva imafunsa wosunga mayina, amene a ntchitoyi amati DNS, ndipo ili ndi kafayilo kamodzi kamene imalembamo woti izimufunsa. Nditatsegula kafayiloko ndinapezamo nambala ya karauta ka ku shedi. Zinali bwino, chifukwa karautako kankadziwa mayina onse a pa pulazi, ndipo kakafunsidwa dzina lakunja kankapita kukafunsira kwina. Ndinalemba firiji1, ndipo kamakina kanayankha msanga. Nambala yake ndinaikopera pa mkono ndi cholembera.

Mulungu si Zuze koma tsiku limenelo anali mbali yake, chifukwa ndisanamalize kukolopa magetsi anapita. Ndinamva jenereta ikutsokomola, kenako kulira. Getsi la khomo la waya wabuluu linayaka, kusonyeza kuti shedi yadzuka. Patapita kanthawi magetsi a ofesi anabwera, modemu inaphethira, getsi la waya wachikasu linayakanso. Ndinatsegulanso kafayilo kaja. Nambala ya karauta inali itafufutidwa, m'malo mwake munali ya modemu. Ndinalemba firiji1, seva inati dzina limenelo kulibe. Ndinalemba nambala ya pa mkono, kamakina kanayankha kuti m'firiji mukuzizira bwinobwino.

Ndinaseka ndekha m'kachipindamo, kenako misozi inatuluka. Khomo lililonse likadzuka linkauza seva woti izimufunsa mayina, ndipo lodzuka pomaliza linkafufuta zimene mnzake walemba. Modemu inkangodziwa kufunsa kunja, ndipo kunja kwa dziko lonse kunalibe amene anamvapo za firiji ya pa Selous. Pakapita maola angapo karauta kankabwera kudzakumbutsa seva, n'kulembanso nambala yake, ndipo katswiri ankapeza zonse zili bwino. Zaka zonse zija, mbama ya mzungu imene inaphunzitsa a Zuze kuyamba ndi ofesi ndiyo inkachititsa kuti shedi ilembe pomaliza. Lamulo limene ine ndinaliombera m'manja ndilo linkawatulutsa m'nyumba.

Nditawafotokozera azakhali, anagwira kumutu.

"Iwe mwana, nyarara, khala chete! Walowa m'kompyuta ya murungu popanda chilolezo, ndiye ukufuna ukadziulule wekha? Chidindo cha mu pasipoti yako chinatha liti? Ukamuchititsa manyazi Chipewa, sakusiya."

"Ndiye a Zuze akagone pa siteji?"

"Zvakaoma, n'zovuta, mwanangu. Koma si m'bale wako."

"Azakhali, inunso pano mulibe m'bale kupatula ine. Tsiku la kalata yanu adzanenanso chomwecho."

Masiku awiri tinadya osayankhulana. Mantha ndinali nawo, sindinama. Ndinaganiza zongokonza mwakachetechete Loweruka lotsatira, koma ndinaona kuti mipata ikatha a Zuze atalandira kalata, Chipewa adzati wakuba wachita mantha, ndiye umboni wake wakwana. Zinafunika kuti aone ndi maso ake, pamaso pa munthu wina.

Lolemba katswiri uja anabwera kudzaika kamera pa jenereta, yoti izilondera a Zuze masiku awo otsala. Cha m'ma teni koloko magetsi anapita. Ndinadikira jenereta ilire, ndinadikira firiji iyambe kung'ung'udza, ndinaona magetsi a ku ofesi akuyaka. Kenako ndinanyamula katoni ya nsawawa ya pakati penipeni pa firiji, n'kudutsa nayo m'shedi monse foromani akundikuwira kumbuyo. Ndinalowa mu ofesi osagogoda n'kuitsitsa pa tebulo la Chipewa, pamwamba pa mapepala ake.

"Iwe! Ndiani akupa mvumo yekupinda muno?" anakuwa, kufunsa amene wandilola kulowa. "Buda!"

"Ndituluka, bwana," ndinayankha m'Chingerezi changa cha ku Lilongwe. "Koma yambani mwagwira katoniyi, kenako muyang'ane kompyuta yanuyo."

Anaigwira, mwina pofuna kuikankha, ndipo anabweza dzanja chifukwa inali yozizira ngati mwala wa m'mtsinje. Pa kompyuta yake mzere wa firiji unali wopanda kanthu. Katswiri anali ataima pakhomo ndi kamera m'manja. Ndinatembenukira kwa iye.

"Achimwene, lowani mu seva, mulembe firiji1."

Anayang'ana Chipewa, anayang'ana jombo zanga zonyowa, kenako anapita kukalemba. Ndikhulupirira ankafuna andichititse manyazi mwaulemu kuti ndibwerere ku shedi. Seva inati dzina limenelo kulibe. Ndinamuwerengera nambala ija, imene tsopano ndinali nditailoweza, ndipo kamakina kanayankha. Ndinamuuza kafayilo koti atsegule. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kuika kamera pansi.

"Sisi, izi mwaphunzira kupi?" anandifunsa.

"Kwathu kulinso masukulu."

Ndinafotokoza zonse, makomo awiri, kafayilo kamodzi, ndi wodzuka pomaliza. Anaitanitsa a Zuze kuti azimitse zonse n'kuyatsanso mwa dongosolo lawo lakale, ofesi poyamba, shedi pambuyo. Manambala a firiji anabwerera pa kompyuta Chipewa akuona. Katswiri ananena motsitsa mawu kuti, "Mudhara haana mhosva," kutanthauza kuti mkuluyo alibe mlandu.

Chipewa sanali chitsiru, anali munthu woti wauza kale eni pulazi kuti wagwira wakuba. Anati basi, mkuluyo abwerere ku dongosolo lakale mpaka mwezi uthe, koma kalata yasainidwa kale ndipo siibwerera. Pamenepo mantha anga onse anathawa, kunatsala ukali wokhawokha.

"Achimwene, zulani modemu yokhayo, muibwezerenso," ndinatero.

Katswiri anaizula, anaibwezera, ndipo patangopita mphindi zochepa mzere wa firiji unafanso.

"Modemu imeneyi imadzizimitsa yokha netiweki ya pa nsanja ikathawa," ndinatero. "Dongosolo la Sekuru linali mwayi chabe. Lachitatu kukubwera lole, ndipo mukudziwa inuyo kuti azungu akabweza yachitatu sabweranso."

Chipewa anauza katswiri kuti akonze. Bamboyo anali woona mtima, ananena kuti iye ndi wa makamera ndi mawaya, za m'kati mwa seva yotereyi akafunse kaye anzake, abwera Lachisanu.

"Ine ndikonza tiyi wanu asanazizire," ndinatero. "Koma kalata ya Sekuru iyambe yafa."

Chipewa anaimirira pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti ndinalowa bwanji mu seva, ndinamuonetsa kapepala ka pansi pa kiyibodi. Kenako anafunsa funso limene azakhali analosera.

"Mapepala ako okhalira m'dziko lino ali kuti? Ukudziwa kuti ndikaimba foni imodzi ugona ku polisi?"

"Imbani, bwana. Akandiperekeza ulere mpaka ku malire a Nyamapanda, ndipo kwathu ndinakusowa kale. Koma nsawawa zanu zidzadyedwabe ndi ng'ombe."

A Zuze anali ataima pakhomo, chipewa chawo chili m'manja, akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinaganiza za mwana wanga, ndinaganiza za amayi, ndipo sindinasunthe.

Kalata ija a Zuze ankayenda nayo m'thumba la malaya. Chipewa anatambasula dzanja osawayang'ana, anaitenga, analemba modutsa pakati kuti yathetsedwa, n'kusaina. Ndinati akanenenso pamaso pa anthu ku shedi kuti mkuluyu sanabe dizilo. Zimenezo anakana, ndipo ndinaona kuti ndikakoka chingwe chiduka. Ndinapempha kuti katswiri asainenso m'munsi ngati mboni, ndipo anasaina mosanyinyirika.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi, mizere yochepa chabe. Ndinaletsa makomo onse awiri kumalembalemba m'kafayilo kaja. Ndinauza seva kuti mayina a pa pulazi izifunsa karauta kudzera pa waya wabuluu, mayina ena onse izifunsa kunja kudzera pa wachikasu, aliyense ndi khomo lake. Pamwamba pa mizereyo ndinalemba m'Chichewa kuti wobwera pambuyo panga asakhudze, ndipo ngati sakumva akafunse ku komboni. Tinayesa katatu, kuzimitsa ndi kuyatsa mosinthasintha, ndipo mzere wa firiji sunaduke. Katswiri anakopera zonse m'kabuku kake, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Chipewa anangoti nditenge katoni yanga ndibwerere ku ntchito.

Panja a Zuze anandigwira pa mkono.

"Mwanangu, wadziphera basa chifukwa cha nkhalamba."

"Kadzaleninso chinangwa chija, Sekuru. Ndipo maswichi anuwo tsopano muziyatsa mmene mukufunira, seva ilibenso nazo ntchito."

Mawa lake magetsi atapita, anayamba ndi firiji monga mwa lamulo. Kenako madzi anatuluka pampopi wa pa komboni ofesi isanayake, ndipo nyumba ya bwana inali yomalizira. Amayi a pampopi anadabwa kuti lero kwagwanji. Ine ndinamva nkhaniyo ndili m'firiji, ndipo ndinaseka mpaka kutsamira makatoni.

Lole ya Lachitatu inadutsa, ndi zina zonse pambuyo pake. Palibe anandithokoza, ndipo chikolopa cha Loweruka chinapatsidwa kwa wina. Apolisi sanabwere. Chipewa anangodikira nyengo ya nsawawa ithe, ndipo pamene ankapachika mayina a oti adzabwerere nyengo yotsatira, langa panalibe. Foromani anandiuza monong'ona kuti mapulazi oyandikana nawo amva kale za mayi wa ku Malawi wolowa m'makompyuta a eni. Azakhali analira, anandikalipira, kenako anandiphikira nkhuku ya pa ulendo. Amayi a m'shedi anandiperekeza mpaka pa msewu akuimba nyimbo ya ku tchalitchi, ndipo a Zuze anandinyamulira chikwama ngakhale ndinkakana.

Ndinadutsa pa Nyamapanda, ndinadutsa Tete, kwawo kwa munthu amene sadzakuonanso, n'kufika pa Dedza ndi chikwama chomwe chija. Amayi ndinawapeza atakalamba kuposa mawu awo a pa foni. Mwana wanga anabisala kuseri kwa chitenje chawo n'kufunsa kuti anti awa ndi ndani, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuzizira konse kwa m'firiji. Achimwene anga, amene pochoka anandinyamulira katundu monyadira, anali atalima fodya pa munda wanga, ndipo anali ndi mafunso. Anzanga a ku Joni ankatumiza malata ndi njinga zamoto. Ine ndabwera ndi chiyani? Atamva nkhani ya a Zuze anaseka mondimvera chisoni.

"Ndiye unataya ntchito chifukwa cha nkhalamba ya ku Tete? Chemwali, sukulu ija inakuwonjezera mwano basi."

Anaibwereza nkhaniyo pa maliro, pa ukwati, paliponse pamene panali anthu oti aseke. Ine ndinayamba kukonza mafoni ndi makompyuta pa khonde la sitolo ina pa boma, ndipo mwana wanga anazolowera pang'onopang'ono kunditchula amayi. Masiku ena, makasitomala akasowa, ndinkadzifunsa ngati achimwene sakunena zoona.

Patapita mvula ziwiri azakhali anandiimbira masana, ndili kumudzi. Mawu awo ankadukaduka, koma ndinamva kuti Sekuru Zuze atisiya, anangodwala masiku anayi. Ndinakhala pa mtondo wosinjira. Ndinali ndi funso limodzi lokha.

"Maliro atulukira kuti, azakhali?"

"Pakhomo pawo, mwanangu. Tinawasambitsa m'nyumba mwawo, amayi tinakhala m'katimo, abambo panja. Komboni yonse inabwera, ndi katswiri wako uja anabwera."

Ndinalira mokweza, osabisa, mpaka amayi anatuluka kudzaona. Achimwene anali pa khonde akusoka fodya. Ndinapukuta m'maso, ndinapita kukaima patsogolo pawo.

"Achimwene, mumafunsa chimene ndinabwera nacho ku Zimbabwe. Munthu wafera m'nyumba mwake."

Anandiyang'ana osamvetsa, ndipo ine sindinabwereze.